Tikufuna kuyamba gulu la abwenzi ongodzipereka a achinyamata olumala kuno ku Chipata, tithandizeni nzeru

aBanda (Kapata) analemba:

Ndikupereka moni kwa inu nonse, makolo ndi abale anga. Ine ndine mlangizi wa achinyamata pa mpingo wina ku Kapata, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene komiti yathu yakhala ikukambirana osafika pa mfundo imodzi. M'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika muli anyamata ndi atsikana olumala a zaka zapakati pa 15 ndi 25 amene sitiwaona kutchalitchi, kumpira, kumsika ngakhale pamaliro, chikhalirecho tonse tikudziwa kuti alipo ndipo nyumba zawo tikuzidziwa. Ena anaphunzirako ku sukulu za osaona ndi osamva za ku Magwero kapena anakhalako ku nyumba yosamalira ana olumala ya Cheshire Home ali aang'ono, ena sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha kutalika kwa mtunda, ndipo ena sanalowepo m'kalasi. Onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: anzawo amene anakulira nawo limodzi anabalalika, ena ku koleji, ena ku banja, ena ku malonda, iwo n'kutsala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Maganizo athu ndi akuti tipeze achinyamata ongodzipereka, aliyense akhale bwenzi la wachinyamata mmodzi wolumala, azimuyendera, azicheza naye ndiponso azituluka naye, kuti kusungulumwa kuchepe ndipo pang'ono ndi pang'ono ayambe kudzichitira yekha zinthu zimene panopa amachitiridwa. Palibe bungwe limene likutithandiza ndi ndalama, ndipo pakati pathu palibe amene anaphunzira ntchito imeneyi.

Tsono tisankhe bwanji anthu ongodziperekawo, poti woimba bwino mu kwaya sindiye kuti angakhalenso bwenzi lokhulupirika? Akafika pakhomo azichita chiyani kwenikweni, kuti kuyenderako kusasanduke kuzonda wodwala? Nanga makolo amene akukana, monga ena atiyankha kale kuti mwana wawo sasowa kanthu, tiwalankhule motani popanda kuwachititsa manyazi? Palinso nkhani ya ndalama, chifukwa ena mu komiti akunena kuti popanda kangachepe ka sopo palibe wachinyamata amene adzalimbike. Ndingakondwe kwambiri kumva kuchokera kwa olumala eni ake ndi kwa makolo awo.

Wokonza Mafoni (Saturday Market) anayankha:

Bambo Banda, zikomo chifukwa chofunsa musanayambe, pakuti ambiri amayamba kaye n'kudzatifunsa pambuyo pake ngati tasangalala. Ine ndine mmodzi wa anthu amene mukuwanenawo. Ndinavulala msana pa ngozi ya pamsewu ndili ku sekondale, ndipo kuchokera pamenepo ndimayenda pa njinga ya olumala. Panopa ndimakonza mafoni pafupi ndi Saturday Market, koma ndisanafike apa ndinakhalitsa pakhonde limene mwatchulalo.

Alendo ndinali nawo ambiri, ndipo mlendo si chimene ndinkasowa. Ankabwera gulu, makamaka nyengo ya Khirisimasi kapena pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu olumala pa dziko lonse lapansi, atanyamula shuga ndi sopo. Ankaimba nyimbo, kundipempherera kuti ndiimirire, kujambula zithunzi zoika pa Facebook, kenako n'kumapita. Sindikunyoza mphatso zawo, chifukwa pakhomo pathu shugayo ankafunikadi, koma akachoka ndinkatsala ndikudziona ngati wodwala woyembekezera kuchira, pamene ine sindinkadwala ayi. Mwa onsewo panalibe wodziwa timu ya mpira imene ndimaikonda, ndipo panalibe amene anandiuzapo vuto lake kuti nanenso ndimuthandizeko maganizo.

Amene anasintha zinthu anali mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, yemwe anayamba kubwera chifukwa masamu a Giredi 9 ankamuvuta ndipo anamva kuti ine ndinkawakhoza. Muone bwino pamenepa, iye anabwera kudzapempha thandizo kwa ine. Masamu akatha tinkakangana za mpira, mpaka tsiku lina ananena kuti n'kupanda nzeru kulimbana naye pa masewera amene ine ndangowamva pa wailesi, choncho anandikankha mpaka ku kanyumba koonetsa mpira. Aliyense amene akuidziwa Chipata akudziwa kuti si tauni yophweka kwa munthu wa pa njinga ngati yangayi, chifukwa pali zitunda, ngalande zosavindikira, mchenga m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo masitolo ambiri ali ndi masitepe pakhomo. Poyenda awirife ndinadziwa njira zimene ndingadutse ndekha, malo amene ndiyenera kupempha munthu wodutsa kuti andikweze, ndi nthawi imene magalimoto ndi njinga zamoto zimachepa pamsewu. Zimenezi palibe angakuphunzitse uli m'nyumba, ndipo ndi zimene zimandifikitsa pa ntchito yanga m'mawa uliwonse popanda wondiperekeza.

Ndikufuna kutsindikanso za reji, chitupa cha boma chodziwikitsa munthu (NRC), chifukwa anthu ambiri saiganizira. Munthu amayenera kutenga reji akakwanitsa zaka 16, koma olumala ambiri amapitirira zaka 20 alibe, popeza achibale amaona kuti munthu wongokhala pakhomo aifuniranji. Wopanda reji sangalembetse simu khadi m'dzina lake, sangasunge ndalama pafoni yakeyake, sangatenge khadi yovotera, ndipo akafuna kupempha thandizo la maphunziro amabwezedwa. Bwenzi limene laperekeza mnzake kukatenga reji lachita zambiri kuposa gulu limene labweretsa katoni ya sopo. Koma poperekezapo pali msampha. Tsiku lina tili pa ofesi ina, wogwira ntchito ankafunsa mnzanga uja dzina langa, mudzi wanga ndi mfumu yanga, ine ndili pomwepo ndikumuyang'ana. Mnzangayo anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Afunseni eni ake, akumva ndipo amalankhula." Ngati ongodzipereka anu mudzawaphunzitse chinthu chimodzi chokha, chikhale kudziwa nthawi yokhala chete ndi nthawi yochotsa manja pa njinga.

Mulolenso wolumala kukana munthu amene mwamusankhira, popanda kumutcha wosayamika. Inu simucheza ndi aliyense wa mumpingo mwanu, ndipo ifenso tili ndi anthu amene mtima suwafuna. Komanso polemba mayina a ongodzipereka, musaiwale kuti ena a ife tikhoza kukhala mbali imeneyo. Mnyamata amene wangotuluka kumene m'chipatala ndi msana wovulala ali ndi mafunso a kuchimbudzi, a zilonda za pamatako ndi a chikondi, amene sangafunse munthu woyenda ndi miyendo yake.

aNajere (mphunzitsi wopuma) anayankha:

Mwana wanga wa ku Saturday Market walankhula bwino, ndipo ine ndingowonjezera mbali ya ana osamva ndi osaona, amene ndinagwira nawo ntchito mpaka kupuma.

Chigawo chathu cha Kum'mawa chili ndi mbiri yaitali pa nkhaniyi. Ku Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika mu 1899, ndi kumene maphunziro a ana osaona anayambira m'dziko muno la Zambia mu 1905, mwa khama la Mayi Issie Hofmeyr, ndipo sukulu ya ana osamva inadzatsegulidwa komweko mu 1955. Mbiri imeneyi ndi yonyaditsa, koma imatipangitsa kuganiza kuti mwana akapeza malo pa sukulu yotere ndiye kuti vuto lake latha. Kwa mwana wosamva, zaka za kusukulu ndi zimene sasungulumwa, chifukwa kumeneko ali ndi chilankhulo cha manja, ali ndi anzake oseka nawo, okangana nawo, ngakhale othyola nawo mango mobisa. Kusungulumwa kumayamba tsiku limene watsika galimoto ku Chadiza kapena ku Vubwi n'kufika pakhomo pamene aliyense amamukonda, koma palibe amene angathe kumuuza zoposa kuti adye, agone kapena akatunge madzi. Pamaliro amaona anthu akulira osadziwa chimene chatenga malemu. Pabwalo madzulo amaona anthu akuseka, ndipo akafunsa amangomugwedezera dzanja kuti si nkhani yofunika. Ndaona anyamata amene anali atsogoleri a anzawo kusukulu akusanduka aukali ndi odzipatula patangopita chaka chimodzi ali kumudzi, achibale n'kumati mutu wayamba kusokonezeka.

Choncho, Bambo Banda, amene akufuna kukhala bwenzi la wosamva ayenera kuvomera kuphunzira chilankhulo cha manja, ndipo mphunzitsi wake akhale wosamvayo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene mwana wanga uja wanena za masamu, kuti ubwenzi umalimba pamene wolumala nayenso ali ndi chopereka. Mameseji a pafoni amathandiza, koma musadabwe mukaona kuti Chingerezi chimene ambiri amalemba chikutsatira dongosolo la chilankhulo cha manja, ndipo musafulumire kuganiza kuti sanaphunzire. Ntchito ina yaikulu ya bwenzi lakumva ndiyo kufufuza kumene osamva ena amakumana, kumuperekeza mnzakeyo kumeneko, ndi kusadandaula akapeza anzake omuyenera kuposa iye.

Kwa wosaona pali zinthu zing'onozing'ono zimene anthu amalakwitsa ndi mtima wabwino. Musamugwire dzanja n'kumukoka. Muloleni iye agwire chigongono chanu, inu mukhale patsogolo pang'ono, ndipo mukafika pa ngalande kapena pa sitepe munene ngati ndi yokwera kapena yotsika. Mukafika tchulani dzina lanu, ndipo mukamachoka tsanzikani, kuti asatsale akulankhula yekha. Chinthu chake mukachitenga chibwezereni pamalo pomwe munachipeza. Ndodo yake yoyera ayende nayo, ngakhale pali mabanja ena amene amaibisa kuseri kwa chitseko poopa maso a anthu. Kenako sankhani njira imodzi yofunika kwa iye, kaya ya kumjigo, ya kuchigayo kapena ya kutchalitchi, ndipo muziyenda yomweyo mobwerezabwereza, mukumuthandiza kugwira zizindikiro monga phokoso la chigayo, pamene msewu wa dothi ukukumana ndi wa tala, kapena mpanda umene ndodo ingatsatire. Pakapita nthawi muziyenda pambuyo pake osalankhula, ndipo pomaliza muzikamudikira kumene akupitako.

Pa funso la kasankhidwe, ine ndingakulangizeni kuti musamale ndi amene amagwetsa misozi akangoona wolumala. Chifundo chotere chimatopa msanga, ndipo chisanatope chimakhala chitamuchitira mwanayo zonse mpaka kumumangira mabatani a malaya. Ndi bwino kutenga wachinyamata wosalankhulitsa amene amasunga nthawi, chifukwa ola limodzi la Loweruka lililonse limapindula kuposa tsiku lathunthu lobwera pamene mwini wake wakumbukira.

aNaphiri (Katete) anayankha:

Bambo Banda, ine ndine mmodzi wa makolo okana aja, ngakhale sindine wa kwanuko, ndipo ndikupempha kuti mumve zifukwa zathu musanatiweruze. Mwana wanga ndi mtsikana wa zaka 19, nzeru zake zimayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi anzake, ndipo amagwa khunyu. Ali wamng'ono anthu a m'mudzi ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti malonda awo ayende, ndipo amayi anzanga ankaitana ana awo akamuona akubwera, poopa kuti malovu ake awapatsira matendawa. Anthu omwewo akabwera lero ndi nkhope zosekerera kudzanena kuti akufuna kucheza naye, simungayembekezere kuti ndiwayalire mphasa tsiku lomwelo.

Abambo ndi aphunzitsi amene alankhula pamwambapa anena za kutuluka, ndipo ndamva. Koma mnyamata wa pa njinga amene anafika ku sekondale ndi wosiyana ndi mwana wanga, amene munthu angamunyenge ndi bisiketi kapena ndi kumuuza kuti ndi wokongola. M'midzi yathu muno atsikana otere amapatsidwa mimba, ndipo mlandu umathera pa bwalo la nyakwawa ndi mbuzi imodzi, ati chifukwa mawu a mtsikanayo ndi osadalirika. Palinso moto ndi madzi. Khunyu likamugwira ali pafupi ndi mbaula kapena pachitsime, kodi wachinyamata wanuyo adzadziwa chochita, kapena adzathawa n'kumusiya?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Panali mtsikana wina wa mumpingo amene anayamba kubwera kudzamuluka tsitsi ndi kuimba naye, ndipo mwana wanga anasintha zooneka, mpaka anayamba kusamba yekha osauzidwa pa tsiku limene ankamuyembekezera. Mvula itagwa mtsikanayo anatanganidwa ndi kumunda, kenako tinangomva kuti wapita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba, osatsanzika. Mwana wanga ankakhala m'mbali mwa njira madzulo aliwonse, chakudya osachifuna, ndipo ankandifunsa ngati anamulakwira. Ine sindimuimba mlandu mtsikanayo, chifukwa nayenso anali ndi umphawi wake woti athane nawo, koma amene anatsala ndi misoziyo ndi ine. Mwana amene sanazolowere bwenzi amakhala chete, koma amene analawa n'kulandidwa amavutika kuposa poyamba.

Musaganize kuti sindifuna kuti adzidalire. Usiku ndimagona ndikuganiza za amene adzamusunge ine ndikadzapita, ndipo ndikudziwa kuti azilongo ake adzakhala ndi mabanja awo. Ndikufuna adziwe kumwa mankhwala ake pa nthawi yake, kuwerenga chenji pa kantemba, kupita kuchigayo ndi kubwerako, ndiponso kukana mwamuna amene akumuitanira kuthengo. Munthu amene angandithandize pa zimenezi ndingamulandire, koma ayambe wakhala nafe pakhomo mpaka ndimudziwe, ndidziwe makolo ake, ndipo andiuze poyera kuti adzakhala nafe mpaka liti.

aTembo (Kalongwezi) anayankha:

Mayi Naphiri, mawu anu ndi amene komiti ya Bambo Banda iyenera kuwawerenga kawiri, chifukwa mantha anu onse ali ndi maziko. Ine ndinayang'anirapo gulu la osamalira odwala m'makomo pa nthawi imene Edzi inali itavuta, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2005, ndipo zambiri zimene tinaziona nthawi imeneyo zikukhudza nkhani ino.

Pa za ndalama, amene analowa ntchito ija poyembekezera njinga, malaya ndi ndalama za pa misonkhano anasiya onse pamene opereka thandizo anatseka mapulojekiti awo. Amene anatsala anali amayi ndi abambo okhala pafupi ndi odwala awo, oti akhoza kudutsako pochokera kumsika. Choncho phatikizani anthu a dera limodzi, oti angayenderane wapansi, ndipo thumba lanu laling'onolo lizingobweza ndalama ya ulendo pamene awiriwo apita kutauni, zonse zolembedwa m'buku. Pakati pa bwenzi ndi wolumala pasakhale kukongozana ndalama, ndipo bwenzi lisasunge reji, khadi kapena nambala yachinsinsi ya foni ya mnzake, ngakhale mwini wake atapempha.

Pa za chitetezo, mtsikana apatsidwe mtsikana ndipo mnyamata apatsidwe mnyamata. Wongodzipereka aliyense abweretse umboni wa akuluakulu awiri osakhala achibale ake, monga mkulu wa mpingo ndi nyakwawa kapena wapampando wa dera. Miyezi yoyamba azikumana pakhomo makolo alipo, ndipo potuluka azipita malo oonekera, atanena kumene akupita ndi nthawi yobwerera. Pakhale munthu wamkulu mmodzi woyang'anira, amene azicheza ndi makolo paokha ndi wachinyamatayo payekha, kuti wodandaula akhale ndi kokanena. Amene sanakwanitse zaka 18 ndi ana pamaso pa lamulo la Children's Code Act la 2022, choncho chilolezo cha makolo n'chofunika. Ndipo ngati pachitika nkhanza ya kugonana, nkhaniyo si ya mbuzi kwa nyakwawa ayi. Wochitiridwayo apite kuchipatala mwamsanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku Victim Support Unit ya apolisi. Pa nkhani za ana pali nambala yaulere ya 116.

Za khunyu, gulu lonse liphunzitsidwe ndi namwino wa pa kiliniki yapafupi, koma mfundo zake ndi zochepa. Khunyu silipatsirana, ngakhale kudzera m'malovu. Munthu akagwa, chotsani moto ndi zinthu zomuvulaza, muikireni chofewa kumutu, musamupanikize ndipo musamuike kanthu m'kamwa, kaya supuni kapena madzi. Kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali ndipo mukhale naye mpaka atatsitsimuka. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala.

Pa nkhani ya kutha kwa ubwenzi, imene Mayi Naphiri aifotokoza momvetsa chisoni, ine ndikuona kuti ndi pamene magulu ambiri amagwera. Achinyamata amasamuka, amakwatira, amapita ku sukulu, ndipo palibe angawaletse. Chimene tingachite ndi kupangana nthawi yodziwika, monga miyezi 6 yoti ikhoza kuwonjezedwa, ndi kulamula kuti wochoka atsanzike pamaso, nthawi isanakwane, atabwera kale ndi womulowa m'malo. Kwa wachinyamata ngati mwana wa Mayi Naphiri ndi bwino kupereka abwenzi awiri osinthana, kuti mmodzi akasowa dziko lisamugwere. Ndipo kumidzi muwerengere dzinja pasadakhale, chifukwa kuyambira kubzala mpaka kupalira palibe amene amayenda maulendo ocheza. M'nyengo imeneyo kuchezako kukhoza kusamukira kumunda komweko, kapena pa mtedza wosenda madzulo.

Pomaliza nditchule makomo amene abwenziwo ayenera kuwadziwa kuti aziperekezako anzawo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limaletsa tsankho pa maphunziro, ntchito ndi chithandizo cha kuchipatala. Bungwe la boma la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndi limene limalembetsa olumala ndi kuwapatsa khadi. Ndondomeko ya boma yothandiza mabanja osauka ndi ndalama ya Social Cash Transfer, imene Chipata ndi Katete anali m'gulu la maboma oyamba kuiyesa, imapereka ndalama zowirikiza kawiri poyerekeza ndi za mabanja ena ku banja limene lili ndi munthu wolumala kwambiri, ndipo poyambira pake ndi a komiti yoona za anthu ovutika (CWAC) ya m'dera lanu ndi ofesi ya Social Welfare. Kuchokera mu 2022, pamene thumba la boma la chitukuko cha m'makonsitityuwense (CDF) linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, mbali ina ya ndalamazo imalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu monga Chipata Trades, ndipo mafomu ake amadzera ku komiti ya chitukuko ya wodi. Olumala ambiri samva n'komwe kuti mafomu atuluka, chifukwa nkhani zotere zimamveka kumsika ndi pa mabenchi a kutchalitchi, kumene iwo safika.

Wokonza Mafoni (Saturday Market) anayankhanso:

Amayi anga a ku Katete, ndamva ndipo ndikuvomera kuti njira yanga si ya mwana wanu. Ndingokupemphani kuti bwenzilo likadzapezeka, mudzamufunsenso mwana wanu chimene iye akufuna, pambali pa mankhwala ndi chigayo. Mwina akufuna kukaona magule pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika ngati atsikana anzake, ndipo ulendo woterewu, wokonzedwa bwino inu muli pafupi, ungamupatse chifukwa chophunzirira zinazo.

Kwa Bambo Tembo, malamulo a ndalama ndi a chitetezo ndikugwirizana nawo, koma ndikupempha kuti asiyanitse mwana wa zaka 15 ndi munthu wa zaka 23 amene nzeru zake zili bwinobwino koma miyendo kapena maso ndi zimene zili ndi vuto. Munthu wamkulu wotere akamayenera kupempha chilolezo cha makolo ndi cha woyang'anira kuti akaonere mpira, ndiye kuti mwangomuwonjezera alonda. Makolo auzidwe mwaulemu monga momwe aliyense amatsanzikira pochoka pakhomo, koma wovomera kapena kukana akhale mwini wake. Ndipo tsiku lina wachinyamata wanu adzauza bwenzi lake kuti wakonda mtsikana wa mu kwaya ndipo akufuna kumulankhula. Komiti ikambirane pasadakhale kuti idzatani, chifukwa mipingo yambiri imasangalala kutiona pa benchi yakutsogolo, koma imadzidzimuka tikatchula za ukwati.

aBanda (Kapata) anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu Mayi Naphiri, chifukwa mwatiuza zimene makolo a kuno sanafune kutiuza pamaso. Ndawerengera komiti mayankho onse, ndipo tagwirizana kuti tiyambe ndi achinyamata ochepa okhala moyandikana, kukolola kukatha, pa pangano la miyezi 6 monga Bambo Tembo anenera. Pa nkhani ya chilolezo cha akuluakulu olumala sitinamvane, ndipo taganiza kuti tiimalize olumala eni ake alipo.

Achimwene a ku Saturday Market, komiti ikukupemphani kuti mukhale mmodzi wa ife, ndipo ndikulemberani pambali za tsiku lake. Msonkhano woyamba tausamutsira ku kalasi ya sukulu yapafupi, popeza holo ya mpingo wathu ili ndi masitepe pakhomo ndipo chimbudzi chake njinga singalowemo. Chimene tikusowa panopa ndi womasulira chilankhulo cha manja, chifukwa pa mayina amene tili nawo pali atsikana awiri osamva. Mayi Najere, ngati mukudziwa wina wokhala mkati mwa Chipata amene angapezeke Loweruka masana, chonde tilumikizeni naye.